Zenera la mu chapa: nkhani ya mpweya umene timapumirana

     Sendezani wailesi pafupi, tikambirane.

Lero nkhani yathu ndi ya mpweya. Sindikunena mphepo ya panja ayi. Ndikunena mpweya umene umatuluka m'chifuwa mwa munthu n'kukalowa m'chifuwa mwa mnzake. Chimfine chimayenda mmenemo. Chikuku chimayenda mmenemo. Covid-19 anayenda mmenemo, ndipo chifuwa chachikulu chikuyendabe mmenemo mpaka lero. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiineneretu. Matenda amenewa amakonda malo otsekeka. Tikatseka mazenera onse pothawa chisanu, timadzitsekera pamodzi ndi matenda.

Tiyambire pa paragem, pamene timakwerera chapa, minibasi yonyamula anthu. Mwezi ndi wa June, kunja sikunayere. Inu mukudziwa mmene Lichinga amazizirira nyengo ino. Tili pamwamba pa mapiri, chifunga chili mbuu m'mitengo ya paini, zala zauma moti kuwerenga ndalama n'kovuta. Chapa ya ku Mandimba yaima, ikudikira kudzaza. Mpando wa anthu atatu mwakhalapo anayi. Thumba la nyemba lili kumapazi, mwana ali pamiyendo. Kobrador, amene anzathu a ku Malawi amati kondakitala, akuitanabe panja: "Mandimba! Mandimba! Watsala mmodzi!" Mazenera onse ngotseka.

Pakapita kanthawi, tayang'anani galasi. Lachita nthunzi. Kamwana kakulembapo ndi chala, timadzi tikuyenderera kutsika. Ndikufunseni, madzi amenewo achokera kuti? Mvula sinagwe. Palibe wathira madzi. Achokera m'zifuwa zathu. Ndi mpweya wa tonse tili m'katimo, wasowa potulukira. Umene watuluka mwa ine walowa mwa inu. Umene watuluka mwa inu walowa mwa khanda lija.

Ku mpando wa kumbuyo bambo wina akutsokomola. Watsokomola kamodzi, kawiri, akupukuta mphuno ndi kansalu. Mnyamata amene wakhala pazenera akukankha galasi pang'ono. Nthawi yomweyo mayi wa khanda akweza mawu: "Achimwene, tatsekaniko zeneralo. Simukuona ndili ndi mwana? Mukufuna adwale chibayo?" Mnyamata uja ulemu ali nawo. Akuti, "Pepani mayi," n'kutseka. Anthu onse akhala chete. Chapa inyamuka, ndipo mazenera sadzatsegulidwanso mpaka ku Massangulo.

Kodi mayi ameneyu walakwa? Mtima wake sunalakwe ngakhale pang'ono. Akuteteza mwana wake monga mmene amayi ake anamuphunzitsira, ndipo tonsefe tinaphunzitsidwa zomwezo. Tinakula tikumva kuti mphepo imabweretsa chimfine. Ndipo maso athu amaoneka ngati akuvomereza, chifukwa June ndi July akafika, pakhomo ponse pamamveka chifuwa. Komanso n'zoona kuti khanda liyenera kufundidwa. Kuzizidwa n'koopsa kwa mwana wamng'ono, zimenezo tisatsutse.

Koma tamverani apa. Chimfine chili ndi kachilombo kake. Chikuku chili ndi kachilombo kake. Tizilombo timeneti sitimera mumphepo, sitichokera m'chifunga. Timachokera mwa munthu amene ali nato. Msodzi wa ku Metangula angagone panyanja usiku wonse mwera ukumuwomba. Adzanjenjemera, mano adzaluma okha, koma ngati ali yekha m'bwato, chikuku sachitenga. Palibe womupatsa. Chisanu chimafooketsako mphuno ndi pakhosi, inde. Koma chachikulu chimene chisanu chimachita n'kutisonkhanitsa. Chimatilowetsa m'nyumba, chimatitsekera zitseko, chimatiunjika pamodzi. Ndiye kachilombo kamene kanali mwa munthu mmodzi kamapeza anthu khumi osachoka pamalo.

Tsopano tione mmene kamayendera. Mawa mukadzuka mmamawa, tulukani panja, mupume ndi pakamwa. Mudzaona kamtambo koyera kakutuluka. Chisanu chakuonetsani chinthu chimene masiku onse chimachitika koma maso sachiona. Munthu akamapuma, amatulutsa timadontho ta m'mapapo ndi ta pakhosi. Akamalankhula, timachuluka. Akamakuwa kapena kuimba, timachulukirachulukira. Akayetsemula, ndiye osanena. Timadontho tikulutikulu timagwa pansi pafupi pomwepo. Koma tilipo tina tating'ono zedi, topepuka, timene sitigwa msanga. Timayandama. M'chipinda chotseka tingakhale m'mwamba kwa nthawi yaitali, ndipo ngati mwini wake akudwala, kachilombo kamakwera pomwepo.

Kuti mumvetse bwino, ganizirani za utsi wa fodya. Munthu akayatsa ndudu ku mpando wa kumbuyo, kodi woyendetsa kutsogolo samva fungo? Amamva. Amene wayandikana ndi wosutayo ndiye amatsamwa kwambiri, koma pakapita mphindi zingapo utsi umakwanira galimoto yonse. Wosutayo akatsika, fungo limatsala. Ndipo aliyense amadziwa mankhwala ake: tsegulani mazenera, utsi utuluke. Mpweya wa munthu wodwala umayenda chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ulibe fungo, ulibe mtundu. Palibe amene amadandaula, chifukwa palibe amene akuumva.

Chovuta china n'chakuti wofalitsa matenda si nthawi zonse amaoneka wodwala. Munthu wa chimfine kapena wa Covid-19 angayambe kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri iye asanamve kanthu m'thupi. Wa chikuku amapatsira anzake zidzolo zisanatuluke. Choncho musangoyang'ana bambo wotsokomola uja. Mwina amene wanyamula kachilombo ndi mtsikana amene akuseka pafoni pambali panu. Mwinanso ndi inuyo.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku chaka cha 2020. Mukukumbukira? Matenda a Covid-19 anapezeka koyamba m'dziko lathu la Mozambique pa 22 March, ku Maputo. Pakhomo pa sitolo iliyonse panaikidwa chidebe cha madzi ndi sopo. Tinasiya kupatsana moni wa m'manja. Magalimoto ankapoperedwa mankhwala, mipando inkapukutidwa. Tonse tinkaopa kugwira chitsulo cha pachitseko. Koma tikasamba m'manja, tinkalowa mu chapa n'kutseka mazenera. Sitinali opusa ayi. Ndi zimene tinauzidwa. Ngakhale bungwe loona za umoyo padziko lonse, la WHO, kumapeto kwa March chaka chimenecho linanena poyera kuti matendawa sayenda mumpweya.

Akatswiri ena sanagwirizane nazo. Mu July 2020, asayansi 239 a m'mayiko osiyanasiyana, motsogozedwa ndi Lidia Morawska wa ku Australia ndi Donald Milton wa ku America, analemba kalata yopempha bungweli kuti liganizenso. Iwo anati, yang'anani mmene anthu akudwalira m'zipinda zotseka, ngakhale amene anakhala kutali ndi wodwala. Zinatenga nthawi, koma mu 2021 bungweli linavomereza kuti kachilomboka kamayandama mumpweya, ndipo kangafike patali m'malo opanda mazenera otsegula.

Musandimve molakwa. Kusamba m'manja sindikukunyoza. Ife a ku Niassa tinaona kolera mu 2022 ndi 2023, kuyambira m'boma la Lago mpaka muno mu Lichinga. Kolera amayenda m'madzi, m'chakudya ndi m'manja. Pa kolera, sopo ndi madzi otetezedwa ndiwo chida. Koma nthenda iliyonse ili ndi njira yake. Ya m'madzi timaitchingira kumadzi. Ya mumpweya tiyenera kuitchingira kumpweya. Ndibwereze. Sopo sasambitsa mpweya. Chimene chimatsuka mpweya ndi mphepo ya panja.

Tsopano ndikuuzeni nkhani ya mabasi awiri, chifukwa ikufanana kwambiri ndi zathu. Zinachitika ku Ningbo, m'dziko la China, pa 19 January 2020. Anthu anakwera mabasi awiri kupita kumapemphero ku kachisi wa chipembedzo cha Buddha. Inali nyengo yachisanu kumeneko. Mabasi onse awiri anali ndi makina otenthetsera m'kati, amene ankangozunguza mpweya womwewo. Ulendo wake sunali wautali. Kupita ndi kubwerera sikunakwane maola awiri.

M'basi imodzi munali mayi wina amene anali ndi kachilombo ka Covid-19. Iye sankadziwa. Pasanapite masiku ambiri, anthu 23 mwa anthu 68 a m'basi imeneyo anapezeka kuti atenga matenda. Nanga m'basi inayo? Palibe ndi mmodzi yemwe. Komatu anthu a mabasi onse awiri anakapemphera pamodzi, anasakanikirana pabwalo limodzi. Kusiyana kwawo kunali basi imene anakwera.

Akatswiri atajambula mmene anthu anakhalira m'basimo, anapeza chinthu chodabwitsa. Sanadwale okhawo amene anayandikana ndi mayi uja. Anadwala ndi a mipando yakutali, amene sanamugwire, amene sanalankhule naye. Koma woyendetsa sanadwale. Amene anakhala pafupi ndi chitseko sanadwale. Mwa amene anakhala pa mazenera otha kutseguka, anadwala mmodzi yekha. Mwamvatu? Mtunda wa pakati pa mipando sunawapulumutse. Amene anapulumuka mochuluka ndi amene anakhala pamene kamphepo ka panja kangalowere.

Wina anena kuti, za ku China zimenezo, kuno n'kwina. Chabwino, tiyandikire. Ambirife tili ndi abale ku South Africa. Ku Cape Town, akatswiri a chifuwa chachikulu anakwera mabasi, masitima ndi maminibasi atanyamula kachipangizo koyeza mpweya umene munthu wapuma kale. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Mpweya wopumidwa kale unali wochuluka kwambiri mu minibasi, kuposa m'basi yaikulu ndi m'sitima. Minibasi yawoyo ndi chapa yathu yomweyi. Kachilombo ka chifuwa chachikulu n'ka mtundu wina, sikafanana ndi ka chimfine, koma msewu wake ndi umodzi. Ndipo chifuwa chachikulu si mlendo kuno. Ndani wa ife amene sadziwa banja limene linavutika nacho?

Ngakhale makolo athu anaziona. Mu September 1918, sitima za pamadzi zinafika ku Cape Town ndi anthu ochokera kunkhondo, ena mwa iwo akudwala fuluwenza. Anthuwo anakwezedwa sitima za pamtunda kubwerera kwawo, ndipo matenda anatsata njanji. Chaka chisanathe anali atafika ku Nyasaland, Malawi wa lero, ndipo anapha anthu ochuluka m'midzi. Matenda a mumpweya alibe miyendo. Amakwera chimene ife takwera.

Tsono titani? Tisiye kukwera chapa? Zosatheka. Mayi wa nyemba ayenera kufika kumsika. Wodwala wa ku Muembe ayenera kufika ku chipatala chachikulu cha Lichinga. Boma linayesapo njira yochepetsa anthu. Pa 1 April 2020, dziko linalowa m'nyengo ya malamulo a ngozi imene Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Filipe Nyusi, analengeza. Lamulo loyamba linati chapa izinyamula gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu amene imatha kunyamula. Linaletsanso njinga zamoto ndi zakapalasa zonyamula anthu. Sipanathe masabata awiri, boma linafewetsa. Linati anthu azikwera molingana ndi mipando, koma aliyense avale masiki.

N'chifukwa chiyani lamulo lija silinakhalitse? Funsani woyendetsa chapa aliyense. Mafuta sachepa mtengo chifukwa anthu achepa. Mwini galimoto madzulo amafuna ndalama yake yokwana. Kobrador naye ali ndi ana kunyumba. Galimoto ikayenda ndi anthu asanu, wina agona ndi njala. Ine sindiwaimba mlandu anthu amenewa. Ndipo tikayang'ana m'mbuyo ndi zimene tikudziwa lero, pa nkhani ya mpweya, wokwera njinga yamoto uja anali pabwino kuposa wa mu chapa yotseka. Iye mphepo inkamuwomba ulendo wonse. Ngozi za pamsewu ndi nkhani ina, ya tsiku lina.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Kuchepetsa okwera kumadya ndalama. Kugula galimoto yaikulu kumadya ndalama. Koma kutsegula zenera sikudya ndalama ya munthu aliyense. Ndi chida chokhacho chimene wosauka ndi wolemera ali nacho mofanana. Ndiye n'chifukwa chiyani timachikana?

Ndikudziwa mayankho anu, ndipo tiwatenge limodzi ndi limodzi. Loyamba ndi chisanu. Abale anga, sindikunena kuti mutsegule mazenera onse mpaka kumapeto, anthu azinjenjemera kuchokera ku Lichinga mpaka ku Cuamba. Mpata wa zala zinayi ndi wokwana galimoto ikamathamanga. Chofunika n'chakuti mazenera otsegula akhale awiri, lina kutsogolo, lina kumbuyo, makamaka mbali zosiyana. Mphepo imafuna polowera ndi potulukira. Zenera limodzi lokha silikwanira bwino. Tayang'anani galasi lija. Nthunzi ikayamba kuchoka, dziwani kuti mpweya ukusintha. Nanga khanda? Mayi, mwana mumuveke chipewa ndi masokosi, mumufunditse chitenje chachiwiri, mukhale naye pakati pa mpando pamene mphepo siwomba mwachindunji. Ndipo inu achimwene a pazenera, musakangane ndi mayiyo. Muuzeni mwaulemu: "Mayi, tiyeni tisinthane malo, ine ndikhale kumphepoko. Zenerali likhale lotsegula pang'ono chifukwa cha mwana yemweyu." Mawu otere sakanidwa kawirikawiri.

Lachiwiri ndi fumbi. Msewu wa ku Mandimba ndi Cuamba tsopano ndi wa phula, chodandaula chachepa. Koma misewu yambiri ya kumaboma ikadali ya dothi, ndipo mu September fumbi lake mukulidziwa. Lole ikamabwera kutsogolo, tsekani. Palibe amene angakutsutseni. Koma ikadutsa, fumbi likakhazikika, tsegulaninso. Vuto lathu n'lakuti tikatseka kamodzi timaiwala. Mvula nayo chimodzimodzi. Tsekani mbali imene ikuwomba, inayo isiyeni.

Lachitatu ndi mazenera amene satseguka n'komwe. Tisanamizane, machapa otere alipo. Galasi linasweka, anamatapo pulasitiki ndi tepi. Chogwirira chinathyoka, anamanga ndi waya. Lina linachita dzimbiri, ngakhale mukankhe bwanji silisuntha. Apa udindo ndi wanu, eni magalimoto. Mmene mumakonzera mabuleki ndi matayala, konzaninso mazenera. Inunso akuluakulu a mabungwe a oyendetsa machapa, pamene mukuona za mzere wa magalimoto pa paragem, onaninso zimenezi. Galimoto imene mazenera ake satseguka isaloledwe kudzaza anthu.

Pali nthawi ina imene ambiri sitiiganizira, koma ndi yoopsa kwambiri. Ndi nthawi yodikira. Galimoto ikamathamanga, mphepo imaloŵako ngakhale m'ming'alu. Koma ikaima pa paragem ola lathunthu kudikira "watsala mmodzi" uja, mpweya suyenda n'komwe. Anthu khumi ndi asanu akhala phee m'katimo, akungopumirana. Choncho ngati n'kotheka, ikani kachikwama pampando kuti malo asalandidwe, inu mudikire panja. Ngati mukuopa akuba, kapena kobrador akufuna galimoto izioneka yodzaza, chitseko chachikulu chikhale chotsegula mpaka nthawi yonyamuka.

Ndilankhule ndi inu, a kobrador ndi oyendetsa. Wokwera amakhala m'galimoto maola awiri, atsika, wapita. Inu mumakhalamo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku. Mpweya wa munthu aliyense amene wakwera, inu mwapumako. Madzulo mumapita nawo kwa akazi anu ndi ana anu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Pa nkhani iyi, woyamba kumva m'mimba ndi inu. Musadikire kuti wokwera apemphe. Mawu anu m'galimoto amamveka kuposa a wina aliyense. Mukangonena kuti, "Makolo, mazenera awiriwa sititseka, fundani bwino," mkangano watha.

Tsopano kwa inu amene mukudwala. Mwadzuka ndi chimfine, mutu ukuwawa, koma ulendo sungalephereke. Valani masiki. Ambirife tinawataya Covid-19 atachepa, ndipo lero munthu akavala, anzake amamuyang'ana ngati wachita chachilendo. Manyazi amenewo tiwasiye. Wovala masiki pamene akudwala ndi munthu wa ulemu, akusamala anzake. Masiki akhale ophimba mphuno ndi pakamwa pomwe, osati olendewera kuchibwano. Ngati mulibe, chitenje chopinda kawiri kapena katatu chiposa kukhala chabe. Pemphani malo a pazenera. Chepetsani kulankhula, foni idikire. Ndipo ngati chifuwa chatha masabata awiri osasiya, mukutuluka thukuta usiku, thupi likutsika, musangogula mapiritsi pamsika. Pitani kuchipatala akayeze makhololo. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo munthu akayamba kumwa moyenera, kupatsira anzake kumachepa msanga.

Tichoke mu chapa, tione malo ena mwachangu. Sitima ya pakati pa Lichinga ndi Cuamba inayambiranso kuyenda mu 2016, ndipo ulendo wake ndi wautali. Zimene tanena za chapa zikhudzanso sitimayo. M'kalasi namo, ana amakhala ochuluka, mazenera ena anatchingidwa ndi malata chifukwa magalasi anasweka. Aphunzitsi, chitseko chikhale chotsegula, ndipo nthawi yopuma ana onse atuluke kuti chipinda chipume. Kumene anyamata amaonera mpira ndi mafilimu ndiye kumandidetsa nkhawa kwambiri. Amatchinga paliponse kuti kuwala kusalowe ndiponso osalipira asasuzumire, kenaka anthu makumi angapo akukuwa chigoli chikalowa. Eni malo amenewa, siyani mpata m'mwamba, pansi pa denga.

Pa za mapemphero ndichedwepo pang'ono, chifukwa ife ndi anthu okonda kuimba. Mu March 2020, kwaya ina ya m'chigawo cha Washington ku America inakumana kuphunzira nyimbo. Anali anthu 61. Pakhomo panali mankhwala opaka m'manja, ndipo sanapatsane moni wa m'manja. Anaimba maola awiri ndi theka m'chipinda chotseka. Mmodzi mwa iwo anali ndi kachilombo. Oposa 50 anadwala, awiri anamwalira. Sindikunena kuti tileke kuimba, Mulungu atithandize. Ndikunena kuti kwaya ikamaphunzira nyimbo, mthunzi wa mtengo uposa chipinda chotseka. Lamulungu m'tchalitchi, Lachisanu mumzikiti, zitseko ndi mazenera zikhale zotsegula. Pa maliro napo, amayi amagona m'nyumba ya siwa usiku wonse, akuimba, chitseko chotseka, mbaula ya makala ili pakati. Pamenepo ngozi ndi ziwiri, chifukwa utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha ngakhale popanda kachilombo. Anamfedwa tiwatonthoze, koma chitseko chikhale ndi mpata, ndipo agogo ofooka asagonekedwe m'katikati mwa gulu.

Nanga pamsika, poti ndi panja? Panja ndi pabwino kwambiri kuposa m'nyumba, zimenezo n'zoona. Koma si kuti ngozi palibiretu. Mu 2020, bungwe la Instituto Nacional de Saúde litayeza magazi a anthu mumzinda wa Nampula, ogulitsa m'misika ndiwo anapezeka kuti anakumana kwambiri ndi kachilombo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wogulitsa amanenerera malonda maso ndi maso ndi anthu ambirimbiri tsiku lonse, ndipo misika ina ili ndi tinjira topanikizana pansi pa malata. Pogula tomato, palibe chifukwa choyandikizira nkhope.

Nditsirize ndi ana, poti ndi amene amavutika kwambiri. Mwa matenda onse a mumpweya, chikuku ndicho chimafala mwaukali. Mwana wa chikuku akatuluka m'chipinda, kachilombo kangatsale mumpweya mpaka maola awiri. Wina alowa pambuyo, osamuona n'komwe wodwalayo, n'kutenga matenda. Pa chikuku, zenera lokha silikwana. Chofunika ndi katemera. Mwana alandire woyamba akakwana miyezi 9, wachiwiri akakwana miyezi 18. Amayi ndi abambo, tulutsani khadi la kusikelo lero lomwe, muone ngati onse awiri analembedwa. Ngati wachiwiri anaphonya, pitani naye, sanachedwe.

Ndipo mwana akagwidwa ndi chimfine, muyang'anitsitseni kapumidwe. Mukwezeni malaya, muone chifuwa. Ngati akupuma mothamanga, ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati akukana kuyamwa kapena wangoti lefuu, chimenecho chingakhale chibayo. Musadikire kuti kuche kawiri. Mufunditseni bwino, mupite naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Mukafika, ngati pamzere pali anthu ambiri m'chipinda chotseka, muuzeni namwino mmene mwanayo akupumira kuti amuone msanga, ndipo podikira khalani pakhonde pamene mphepo ikudutsa.